Mwayesa Kuizimitsa N'kuiyatsanso?

Pa ntchito zonse za mu ofesi, yomvetsa chisoni ndi ya mlonda wa maseva, amene anzake amamutcha sysadmin. Zinthu zikamayenda bwino, abwana amafunsa kuti, "Kodi mnyamata uja timamulipiriranji?" Zikasokonekera, abwana amafunsanso funso lomwelo, koma mokweza mawu.

Kwa amene simunalowemo: seva ndi kompyuta yopanda mwini woikhalira pampando. Imakhala m'kachipinda kozizira ngati ku Dedza mu June, ndipo m'menemo ndi momwe mumakhala imelo yanu, malipiro anu ndi mafayilo onse amene mumalumbira kuti simunawafufute. Maseva ambiri padziko lapansi amayendera Linux, pulogalamu yaulere yomwe aliyense angathe kuisuzumira mkati ndi kuisintha.

Mwini wake wa Linux, Linus Torvalds, anaiyamba mu 1991 ali mwana wasukulu pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Tsiku lina anafuna kuimbira kompyuta ya kusukuluko kudzera pa lamya, koma anasokoneza dzina la chipangizo n'kuimbira hard disk yake yomwe. Hard disk ija sinakane foni. Inalandira zonse, ndipo Minix, pulogalamu yomwe ankadalira polemba Linux, inafufutikiratu. Mnyamata anangoti basi, tiyende ndi yatsopanoyi. Choncho mukamva achinyamata akuti akufuna kutsata mapazi a Torvalds, bisani kompyuta yanu.

Mphwanga wina atapeza ntchito yotere ku Lilongwe, anapita kumudzi kukawauza akuluakulu. Amalume ake sanadikire kuti amalize. Anatulutsa foni yosweka galasi, wailesi, ndi tochi.

"Amalume, ine sindikonza mafoni. Ndimayang'anira maseva."

"Ali ndi mabatani?"

"Ali nawo."

"Ndiye ukukana chani?"

Agogo ake, omwe amagulitsa mandasi pamsika, anafuna kudziwa za ndalama. "Iwe, Linakisi wakoyo amagulitsidwa bwanji?"

"Ndi waulere, agogo."

"Nanga iweyo amakulipira ndi chani? Ndi zikomo?"

Mnyamata anafotokoza kuti pulogalamuyo ndi yaulere, koma woidziwa kuisamalira ndiye amalipidwa. Anawonjezera kuti mu 2019 kampani ya IBM inagula Red Hat, kampani yomwe inakulira pa Linux, pa madola 34 biliyoni. Agogo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti ine ndimalakwitsa pomwe ndimaika mtengo pa mandasi."

M'ntchitoyi muli lamulo lina lalifupi lomwe aliyense amaliopa: rm -rf. Ukalilemba, kompyuta imafufuta chilichonse chomwe waloza, osafunsa kuti kodi mwatsimikiza, bwana. Mu 1998 ku Pixar, ku California, wina analilemba pamalo olakwika pomwe ankapanga filimu ya Toy Story 2. Anthu anangoona chipewa cha Woody, chidole cha m'filimuyo, chasowa pa sikirini, kenako nsapato zake, kenako Woody yemwe. Pomwe ankazula chingwe cha magetsi, pafupifupi filimu yonse inali itapita. Anathamangira ku backup, kutanthauza kope yosungira tsiku la tsoka, n'kupeza kuti nayonso inali itasiya kugwira ntchito kalekale mwakachetechete.

Anawapulumutsa ndi khanda. Mayi Galyn Susman, mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyo, anali atangobereka kumene ndipo ankagwirira ntchito kunyumba, motero anali ndi kope yawo ya filimuyo pa kompyuta ya kunyumbako. Kompyuta ija anaikulunga m'mabulangete, kuimanga lamba pampando wa galimoto, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka ku ofesi. Filimu inabwerera, anthu anapuma. Patangopita miyezi yochepa, akuluakulu anaionera n'kunena kuti nkhani yake sikukoma, ayambirenso.

Ku kampani ya GitLab zinachitika poyera. Usiku wa pa 31 January 2017, injiniya wina wotopa ankafuna kufufuta zinthu pa seva yachiwiri, koma zala zake zinali pa seva yoyamba, yomwe makasitomala ankagwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Pomwe ankazindikira, pa magigabayiti pafupifupi 300 panatsala 4.5. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope. Zisanu zonse zinapezeka kuti sizikugwira bwino. Chomwe chinathandiza ndi kope ina yomwe inatengedwa pamanja maola 6 m'mbuyomo pa chifukwa china. Ndiye m'malo mobisala, anayatsa kamera n'kuonetsa ntchito yokonzayo pa YouTube, anthu zikwi akuonerera. Ine ndimati uku ndi kulimba mtima. Kwathu kuno tikanalemba chikalata chonena kuti netiweki ikuvuta, tikupepesa chifukwa cha zovuta zonse.

Mwina n'chifukwa chake pa intavyu ina mkulu woyang'anira maseva sanataye nthawi ndi mapepala. Mnyamata anayala masatifiketi ake a LPIC ndi a Red Hat patebulo, atawapaka pulasitiki.

"Achimwene, munayamba mwafufutapo database ya kampani?"

"Ayi ndithu, bwana! Ine ndi wosamala kwambiri."

"Chabwino. Pitani mukafufute kaye ya anthu ena, mudzabwere. Yathuyi sitiphunzitsira."

Koma nkhani yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi ya Trey Harris, yemwe ankayang'anira imelo pa yunivesite ina ku North Carolina. Mkulu wa dipatimenti ya statistics anamuimbira foni n'kunena kuti imelo yawo sikudutsa mamailosi 500. Harris anayesa kufotokoza mwaulemu kuti imelo si basi, siitha mafuta panjira. Mkuluyo sanatekeseke. Anati vutolo analiona masiku angapo apitawo, koma sanafune kudandaula asanatolere umboni wokwanira, ndipo katswiri wawo wina anali atajambula kale mapu oonetsa malire ake. Anthu ophunzira amavutika mwadongosolo.

Harris anayesa yekha. Imelo yopita ku Atlanta inafika. Ya ku New York inafika. Ya ku Boston inakana, ya ku Memphis inakananso. Apa mutu unayamba kuwawa, chifukwa zopusa zija zinali zoona.

Chinachitika n'chakuti katswiri wina waganyu anabwera kudzakonza seva ija, ndipo pokonzapo anabwezera mosadziwa pulogalamu yotumiza imelo, Sendmail, ku mtundu wakale. Wakaleyo sankamva malangizo ena olembedwera watsopano, choncho paliponse pomwe sanamve anaikapo ziro, kuphatikizapo nthawi yodikira kuti seva ya kutali iyankhe. Pa makina amenewo, ziro ankatanthauza pafupifupi mamilisekondi atatu. Harris anawerengera mtunda womwe kuwala kumayenda m'nthawi imeneyo, n'kupeza mamailosi 558. Aprofesa aja ananena zoona. Seva yakutali inkalephera kuyankha moni nthawi isanathe.

Za waganyu uja sitikumva kuti anabweza ndalama.

Pali kapulogalamu kolembera kotchedwa Vim, komwe Bram Moolenaar wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991. Kulowamo n'kosavuta. Kutuluka ndiye nkhani. Mu 2017 a tsamba la mafunso la Stack Overflow analengeza kuti funso lakuti "ndituluke bwanji mu Vim" linali litawerengedwa kopitirira 1 miliyoni. Moolenaar, yemwe anamwalira mu 2023, sankagulitsa Vim. Ankangopempha ogwiritsa ntchito kuti athandize ana a ku Kibaale ku Uganda, ndipo pempholo limaoneka ukangotsegula pulogalamuyo. Malo abwino kwambiri oikapo pempho, chifukwa munthuyo sapita kulikonse msanga. Mnzanga wina amati wakhala akugwiritsa ntchito Vim kuyambira ali kukoleji. Nditamufunsa ngati amaikonda, anati ayi, akufunabe khomo.

Nanga anthu a mu ofesi? Mayi wina anaimba kuti kompyuta yake yafa. Mlonda wa maseva anafunsa funso lakale lija: "Mwayesa kuizimitsa n'kuiyatsanso?"

"Ndayesa kanayi, achimwene."

"Taonani kuseli ngati chingwe chalowa bwino."

"Sindingaone, kuno kuli mdima."

"Yatsani getsi, mayi."

"Magetsi anazima kale m'mawa."

Tisamawaseke kwambiri, chifukwa akatswiri nawo amapulumukira pa zinthu zazing'ono. Pafupifupi mu Linux aliyense muli kapulogalamu kofinya mafayilo kotchedwa xz. Kwa zaka zambiri ankakasamalira munthu mmodzi, Lasse Collin, wopanda malipiro. Kenako panabwera wina wodzitcha Jia Tan, wakhama, waulemu, wothandiza. Anathandiza kwa zaka ziwiri mpaka anapatsidwa makiyi, ndipo atawalandira anabisamo kakhomo kakuseli koti akuba azilowera m'maseva. Kakanangofalikira, kakanafika m'mabanki, m'zipatala ndi m'maboma.

Anakagwira ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft yemwe amagwira ntchito pa pulogalamu ya PostgreSQL, ndipo anaulula pa 29 March 2024. Sankasaka mbava ayi. Anangoona kuti akamalowa mu kompyuta yake, ikuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, ndipo zinamunyansa mpaka anakumba n'kupeza chifukwa chake.

Ndinamufotokozera mphwanga wa ku Lilongwe uja nkhaniyi, ndikumufunsa ngati iye akanakagwira kakhomoko. Anayang'ana tsamba lomwe linali likuzungulirabe pa sikirini yake kuyambira pomwe anapita kukathira madzi pa tiyi.

"Theka la sekondi, amalume? Kuno Jia Tan akanapuma pantchito ndi penshoni."