Homer Wagonera Mokwanira, Koma Lachisanu Layandikira

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Amene anapeka mwambiwu sananene kuti agonere masiku angati, ndipo m'pomveka. Iye analibe mphunzitsi womulamula kuti chimangirizo chitumizidwe pa kompyuta Lachisanu lisanathe.

Ku America kuli makolo ambiri amene satumiza ana awo kusukulu, amawaphunzitsa okha pakhomo. Malamulo amalola zimenezi m'maboma onse 50 kuyambira mu 1993. Mliri wa Covid utabuka, ofesi ya kalembera ya dzikolo inapeza kuti mwa mabanja okhala ndi ana a msinkhu wa sukulu, ochita zimenezi anakwera kuchoka pa 5.4 peresenti kufika pa 11.1 peresenti m'miyezi yowerengeka ya 2020. Mwana akali wamng'ono, zonse zimayenda. Koma akafika msinkhu wa sekondale n'kuyamba kufunsa chimene Hamlet wa m'buku limene akuwerenga akuchedwera kubwezera imfa ya bambo ake, mayi amene mphika wawo ukupserera pamoto amayamba kuunguzaunguza wowathandiza. Thandizolo ndi makalasi a pa intaneti a mabuku akalekale. Ena mwa makalasi otere ndi a Well-Trained Mind Academy, sukulu imene Susan Wise Bauer anayambitsa mu 2014. Iyenso anaphunzitsidwa pakhomo ndi mayi ake, Jessie Wise, ku Virginia, ndipo mu 1999 awiriwa analembera limodzi buku lolangiza makolo anzawo.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 15 wakhala patebulo lodyera, kalasi yayamba. Mphunzitsi ali m'kabokosi pakona ya sikirini, anzake ali m'timabokosi tawo, aliyense kwawo. Kumtunda wavala shati yabwino chifukwa kamera imaona mpaka pachifuwa. Kumunsi kuli kabudula amene wadzuka naye. Pa ola limeneli, chinthu chogonera m'chipindamo ndi kabudulayo basi.

Kale, nkhalamba ikayamba kufotokoza zakale pamoto, mwana wotopa ankangoyasamula mobisa, n'kumadikira kuti chikuni chithe. Mnyamata uyu ali ndi batani. Akalidina, wamkulu amangotsala akuphethiraphethira ndi kugwedeza milomo ngati nsomba ya m'madzi.

Komabe Homer si nkhalamba yoithawa mosavuta. Ndakatulo yake ya Odyssey yagonera zaka zoposa 2,500, ndipo chodabwitsa n'chakuti imawadziwa bwino ana amenewa. Muli Telemachus, mnyamata wokulira pakhomo pamaso pa mayi ake, bambo ake, Odysseus, atachoka zaka 20: khumi kunkhondo ya ku Troy, khumi akusochera pobwerera. Womulangiza ndi Mentor, koma amene akulankhula naye kwenikweni ndi mulungu wamkazi Athena atavala nkhope ya Mentor. Mphunzitsi wooneka ngati alipo pamene thupi lake lili kwina, nanga si kalasi ya pa intaneti imeneyi? Mulinso Penelope, mayi ake a Telemachus, amene analonjeza amuna omufunsira kuti asankhapo mmodzi akamaliza kuluka nsalu, n'kumaluka masana, usiku n'kumamasula, mpaka zaka zitatu. Wophunzira aliyense amene anauzapo mayi ake kuti "ndatsala pang'ono kumaliza" amamuzindikira msanga kuti uyu ndi mbale wake.

Pamene mwambiwu ukugwira ntchito mopanda chisoni ndi pa Moby-Dick. Herman Melville anatulutsa bukuli mu 1851, machaputala 135 onena za kaputeni wa sitima wosaka namgumi woyera amene anamudula mwendo. Anthu a nthawi yake analawa n'kulavula. M'moyo wake wonse Melville anagulitsa makope a bukuli pafupifupi 3,200, anagwira ntchito ya kasitomu padoko la New York zaka 19, n'kumwalira mu 1891 anthu atamuiwala. Bukulo linayamba kukoma cha m'ma 1920, litagonera zaka 70. Ndiye lero mwana akupatsidwa masabata owerengeka kuti alimve kukoma, kuphatikizapo chaputala 32, pamene nkhani imaima chilili kuti wolemba asanje anamgumi m'magulumagulu. Apa, kunena zoona, mwanayo ali ndi mlandu womveka.

N'chifukwa chake njira zachidule sizinayambe dzulo. Mu 1958, Cliff Hillegass wa ku Nebraska anayamba kugulitsa timabuku tachikasu ndi takuda totchedwa CliffsNotes, tofotokoza mwachidule mabuku aakulu. Kenako kunabwera SparkNotes pa intaneti, ndipo kuyambira mu Novembala 2022 kuli ChatGPT, imene imalemba ndi chimangirizo chomwe. Kumeneku ndi kumwa thobwa chimera changothiridwa kumene: mimba imadzaza, koma lilime silimva kanthu. Tsoka la wophunzira pakhomo n'lakuti mphunzitsi wamkulu wa sukulu yake ndi yemwenso amasesa m'chipinda chake, ndipo amaona kuti fumbi la pachikuto cha buku silinasunthe chiyambire Lolemba.

Ndiye tsiku lina mayi amaima pakhomo, manja m'chiuno, ndipo mnyamatayo amatsegula buku la Odyssey lija chifukwa chosowa kothawira. Amagwera pa gawo 17, pamene Odysseus wafika kwawo atavala nsanza za wopemphapempha, anthu apanjira osamuzindikira. Pa mulu wa ndowe pagona Argos, galu amene anamusiya ali kamwana, tsopano wakalamba, nkhupakupa zili thupi lonse. Galuyo amagwetsa makutu, amagwedeza mchira, koma mphamvu zoti ayandikire alibe. Mbuye wake amapukuta msozi mobisa n'kupitirira, ndipo galuyo amafa pomwepo.

M'kalasi yotsatira, mphunzitsi atafika pa ndime imeneyi, kabokosi ka mnyamata uja kamada bii. Mayi ake amafuula ali kukhitchini kuti wazimitsiranji kamera.

"Ndi netiweki, Amayi," amayankha motero, akufwenthera pa shati yabwino ija.