Chitamando cha Mfumu Kampata

Pakati pa zinthu zonse zimene ana a anthu aziimbira nyimbo ndi kuziombera m'manja, kuyambira mapiri aatali kufikira makina ouluka m'mlengalenga, sanaoneke ndi mmodzi yemwe woimirira pabwalo kutamanda kampata kopapatiza, kopanda kanthu m'kati mwake, kamene kamalekanitsa kanjira ka chitsulo ndi zitsulo ziwiri zoyandikana nako pa chipangizo chimene akatswiri a mafunde a wailesi amachitcha coplanar waveguide; ndipo popeza mfumu yosapatsidwa ulemu imalanga mwakachetechete, ine ndati ndigwade, ndiombe m'manja, ndithokoze a Kampata, amene alibe thupi, salemera pa sikelo, sagulidwa pamsika, komabe asowetsa tulo amuna ndi akazi ophunzira kuyambira ku Pittsburgh mpaka ku Darmstadt.

Ufumu wawo unayamba m'chaka cha 1969 ku Princeton, m'chigawo cha New Jersey, m'nyumba zofufuzira za kampani ya RCA. Kufikira nthawi imeneyo, omanga tinjira ta mafunde ankakonda kugoneka kanjira pamwamba pa mbale yosadutsa magetsi, ndipo chitsulo chobwezera magetsi, chija amati ground, ankachiyala kunsi kwake, kotero kuti wofuna kuchifikira ankayenera kuboola mbaleyo. Koma Cheng P. Wen anachikweza chitsulocho, nachigawa pawiri, nachikhazika kumanja ndi kumanzere kwa kanjira, zonse pa nkhope imodzi. Ndipo taonani, pamene zitatuzi sizinakhudzane, pomwepo a Kampata analowa ufumu, mbali iyi ndi mbali inayo. Ntchito yoboola inachepadi, koma walira mvula walira matope.

Onani tsono ukulu wa ulamuliro wawo. Akatswiri onse a ntchitoyi amafunafuna nambala imodzi, ma ohm 50, imene makolo awo anaisankha kukhala pakatikati pa 30, pamene chingwe cha coaxial chimasenza mphamvu yochuluka, ndi 77, pamene chimataya yochepa. Ndipo kanjira kakaphonya nambalayi, gawo la mafunde limabwerera kumene lachokera osapereka uthenga. Woweruza mlanduwu ndani? Si golide, si mkuwa, koma a Kampata, pakuti chimene chimalamula ndi kukula kwa kanjira pokuyerekeza ndi kukula kwa mipata yake iwiri. Pa mbale ya silicon, kanjira ka ma micrometre 10 kamafuna mipata ya ma micrometre 6, ndiye kuti mafumu angapo otere atha kukhala mondondozana pa kunenepa kwa tsitsi limodzi popanda kupanikizana. Ndipo chilungamo chawo nchosakondera: theka la mafunde amalipereka kwa mpweya wa pamwamba, theka kwa mbale ya pansi, motero kuti pa silicon mafundewo amayenda mochedwa kawiri ndi theka poyerekeza ndi kuwala.

Akale ankawerengera zimenezi ndi pensulo, atayamba avomereza mabodza angapo aulemu, akuti chitsulo chilibe kunenepa, ndi akuti ground amatambalala mpaka kumalekezero a dziko. Ana a masiku ano, posakhutira ndi mabodza a makolo, amapita kwa alauli atsopano: HFSS, imene inatuluka m'manja mwa Zoltan Cendes ndi kampani ya Ansoft, CST, yomangidwa pa njira imene Thomas Weiland anailengeza mu 1977, Sonnet ya James Rautio, ndi ena otero, amene onse ntchito yawo ndi kumasulira malamulo amene James Clerk Maxwell anawalemba mu 1865. Apa ndi pamene ulemerero wa a Kampata umaonekera poyera, pakuti apa ndi pamene amalandira mitulo.

Kompyuta siidziwa kuyang'ana chinthu chathunthu, imayamba yachiduladula. HFSS imagawa mpweya, mbale ndi zonse zozungulira kukhala tizidutswa ta mbali zinayi, mbali iliyonse ya ngodya zitatu, ndipo ukonde umenewu amautcha mesh. Kumene mafunde ali odekha, zidutswa zikuluzikulu zimakwanira. Koma magetsi ali ndi khalidwe lounjikana m'mphepete mwenimweni mwa chitsulo, pakhomo pa a Kampata, ndipo pamenepo tizidutswa tiyenera kuchepa, tichepenso, tichuluke kosawerengeka. Lingalirani kanjira ka mamilimita 5, kamene ndi gawo limodzi la magawo anayi a funde la 6 GHz pa silicon: kutalika kwake kumaposa mpata wake koposa ka 800, chitsulo chake nchopyapyala kuposa micrometre imodzi, ndipo mtunda wonsewo mfumu ifuna kuuyenda pa mkeka wolukidwa mwa maso ang'onoang'ono. Kompyuta imawerengera, niwonjezera tizidutswa, niwerengeranso, kufikira kusiyana kwa yankho latsopano ndi lapitalo, kumene amati Delta S, kutatsika pansi pa 0.02, ndipo pamene zikupiza zake zikulira usiku wonse, mwini wake amaphunzira mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono nkudekha, phunziro limene aphunzitsi ake a ku yunivesite analephera kumulowetsa m'mutu. Odala amene kompyuta yawo siilengeza mbandakucha kuti memory yatha.

Nanga mwambo wa pachipata ndiunene bwanji? Mafunde salowa m'bwalo la mfumu chilowelowe. Amawajambulira khomo lotchedwa wave port, ndipo khomolo likachepa, mafelemu ake amaba mphamvu yoyenera kukhala mu mpata. Likakula mopitirira, limasanduka msewu paokha, nililowetsa alendo osaitanidwa. Likapanda kukhudza zitsulo zonse ziwiri za ground, yankho limatuluka lokongola ndi lonama. Wopirira amene wadutsa mayesero onsewa akafunsa modzichepetsa kuti, kodi ma ohm anga ndi angati, amapatsidwa mayankho atatu, Zpi, Zpv ndi Zvi, kuti asankhe yekha lomukomera mtima. Ndi mfumu iti ina yowolowa manja chotere?

Koma nzeru zawo zakuya zimaonekera pokhota. Kanjira kakapinda, mpata wa m'kati umafupika, wa kunja nutalika, ndipo zitsulo ziwiri za ground, zimene zinalumbira kuti zidzakhala ndi mawu amodzi, zimayamba kusiyana maganizo. Pamenepo pamabadwa mwana wa m'tchire wotchedwa slotline mode, amene amadya mphamvu ya mafunde ndi kuimwaza. Monga banja lokangana silikhazikika popanda ankhoswe, momwemonso zitsulozi zimafuna timilatho ta waya todumpha pamwamba pa kanjira, tija amati airbridge, toti tizitenga mawu a uyu kukatula kwa uyo, makamaka pokhota ndi pamphambano. Chokoma nchakuti m'kompyuta mkanganowu nthawi zina suoneka nkomwe, pakuti mafelemu a khomo lija, kapena makoma a bokosi lowerengeramo, amakhala atagwirizanitsa kale zitsulozo mwamseri. Ena, pofuna kuchenjera, amayalanso chitsulo china kunsi kwa mbale. Kwa otere a Kampata amatumiza mafunde oyendayenda pakati pa chitsulo cha pamwamba ndi cha pansi, ndipo ochenjerawo amadzapezeka akuboola mizere ya timabowo totchedwa via, ntchito yomweyo imene anaithawa poyamba.

Musayese kuti mfumuyi imangolamulira zinthu wamba. Mu 2004 akatswiri a ku Yale, pakati pawo Andreas Wallraff ndi Robert Schoelkopf, anagoneka qubit m'kati mwa kanjira kotere, nailankhulitsa ndi kambewu kamodzi ka mafunde. Ndipo kuyambira pamenepo makompyuta a quantum a IBM ndi Google ali ndi tinjira tokhotakhota ta mtundu womwewu, tozizira kufupi ndi malire a kuzizira konse. Kumenekonso a Kampata ali ndi nthabwala yawo, pakuti chitsulo chikazizira chotero chimabala kinetic inductance, imene wojambula akaiiwala, chipangizo chimaimba nyimbo yotsika kuposa imene kompyuta inalosera.

Tsiku la chiweruzo limafika pamene mbale wamba, yosakhala ya silicon, yabwera kuchokera kwa opanga, niilumikizidwa ku chipangizo choyezera chotchedwa network analyzer. Mankhwala osungunula mkuwa adya m'mphepete, mpata wakula pang'ono. Utoto wobiriwira wotchinjiriza mbale watsikira mu mpata, nukhala pampando wa mpweya. Ndipo mzere wa muyeso wapatukana ndi mzere wa ulosi. Mtumiki wokhulupirika sanyoza mfumu. Amabwerera ku kompyuta, nasuntha nambala ya permittivity ya mbale pang'onopang'ono, kuchoka pa 4.4 kunka pa 4.2, kufikira mizere iwiri ija itakumbatirana. Kenaka amatenga cholembera, nalemba mu lipoti lake kuti zowerengera ndi zoyeza zagwirizana bwino lomwe.