Ku Kafue aliyense ali ndi poloti yogulitsa

Kuchoka mu Lusaka kukafika ku Kafue ndi makilomita pafupifupi 45, koma mukakwera minibasi ya madzulo, pofika pa Chilanga mumakhala mutamva kale amene wagula nyumba, amene wagulitsa, ndi amene wagulitsa nyumba ya eni ake. Za mpira zazilala m'tauni muno. Ndale amangozilawa n'kuzisiya. Chili pakamwa pa aliyense ndi mapoloti.

Gwero lake ndi lendi ya mu Lusaka, imene yakwera mpaka anthu a malipiro abwinobwino ayamba kusuzumira kummwera. Loweruka lililonse amabwera, galimoto yotsukidwa bwino, mayi kutsogolo, kumbuyo kuli mlamu amene akuti amadziwa zomangamanga, tepi yoyezera ili m'manja. Anyamata a ku Shikoswe amawazindikira galimoto isanaime. "Bosi, mukufuna malo? Alipo abwino, pafupi ndi msewu, mapepala onse ali bwino." Ometa tsitsi ndi ejenti. Wa kantemba ndi ejenti. Ngwangwazi wa pa siteshoni naye ali ndi nyumba zitatu mufoni, ndipo kuti akuonetseni ngakhale imodzi muyambe mwapereka ndalama ya kuona. Mayi wina akuti analipira ya kuonayo, anamuyendetsa dzuwa lili pamutu, n'kukamuimika pa nyumba ya azakhali ake enieni, eni ake ali pakhonde akusenda mbatata, osadziwa kuti ali pamsika.

N'chifukwa chake makoma ambiri alembedwa ndi penti, m'Chingerezi, zilembo zikuluzikulu, kuti nyumba ino siikugulitsidwa. Mlendo amadabwa kuti bwanji munthu alengeze malonda amene palibe. Ife tikaona mawuwo timadziwa kuti pabanjapo pali mwana wina amene anayesapo kale.

Koma nyumba zimene zikuwatulutsa dovu a ku Lusaka ndi za ku Estates. Kafue inayamba ngati kasiteshoni ka njanji, pamene mlatho wa sitima unamangidwa pa mtsinje wa Kafue mu 1906. Dziko litalandira ufulu, boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti pano pakhale tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, Kafue Textiles inkaomba nsalu, ndipo antchito anawamangira nyumba ku Estates m'mizere, misewu yoyezedwa, mipope ya madzi ndi ya zonyansa ili pansi. Madala amene anagwira ntchito nthawi imeneyo safuna kumva za nyumba za masiku ano. Wina amene timakhala naye pa nsolo amati, "Mwana wanga, zija anamanga simenti idakali simenti. Tenga msomali ukhome pakhoma langa, ubwerera wopindika. Za ku mapoloti atsopanozi mwana akayedzamira khoma, mayi ake amakuwa." Akatero amaiwala kunena kuti mipope yomweyo tsopano yakalamba ngati iye, ndipo ikaphulika msewu wonse umadziwa.

Kuyambira mu 1996, boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo ndi za makampani a boma kwa amene ankakhalamo. Ambiri anasanduka eni nyumba pa mtengo umene lero akautchula achinyamata amaseka, kuyesa nthabwala. Tsoka lake, nyumba itabwera ntchito inapita. Fakitale ya nsalu inatseka, ya feteleza inayamba kutsimphina, ndipo nyumbayo ndiyo inasanduka penshoni. Kuseri kumene kunali dimba la repu kunamera tizipinda ta lendi, tiwiri, kenako tinayi. Lero mdala amadzuka mmawa n'kuwerenga zitseko.

Pamene pavuta ndi mdalayo akatsikira kuli chete. Sabata ina pa msika nkhani inali ya banja lina limene ana agawikana pawiri: a ku Lusaka akuti tigulitse mtengo udakali pamwamba, otsala pakhomo akuti tikagulitsa tikagona kuti. Amalume amene anasankhidwa pa maliro kuti ayang'anire chuma anali atalandira kale theka la ndalama kwa wogula. Anaiwala, kaya sanamvepo, kuti lamulo la 1989 la chuma cha masiye limati nyumba ndi ya mkazi wamasiye pamodzi ndi ana, mayiyo akhalemo mpaka imfa kapena atakwatiwanso, ndipo woyang'anira sangagulitse popanda chilolezo cha khoti. Wogulayo akuti anabwera ndi lole ya katundu n'kupeza gogo atakhala pakhomo, manja pachibwano. Lole inabwerera yodzaza. Amalume foni yawo siikupezeka, ena akuti anawaona ku Chirundu.

Amene alephera za ku Estates amathamangira mapoloti, ndipo apa ndi pamene ogulitsa amakonda mwezi wa Okutobala. Nthawi imeneyo dambo lililonse limaoneka ngati bwalo la mpira, louma gwa, udzu utapsa. Munthu amapondaponda, mlamu amagwedeza mutu, ndalama zimatuluka. Mu Febuluwale akabwera kudzaona maziko, amapeza achule akuchita msonkhano m'chipinda chochezera. Kumunsi kufupi ndi mtsinje dothi ndi lakuda, lamakande, limatupa ndi mvula n'kung'ambika ndi dzuwa, ndipo khoma lomangidwa mosasamala limang'ambika nalo. Bambo wina anagula malo atamuuza kuti azidzuka n'kuona mtsinje. Sanam'namize. Mtsinjewo amauona, udzudzu umam'dziwa dzina, ndipo chimanga chake choyamba anakolola ndi mvuu.

Za mapepala ndiye zimayambanitsa ndi amene anabatizidwa tsiku limodzi. Aliyense wogulitsa amati mapepala alipo, koma mapepala ali mitundumitundu. Pali taitolo ya ku Unduna wa Malo, ya zaka 99, pakuti lamulo la 1995 limati malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti ndipo ife timangobwereka. Pali chilolezo cha khonsolo cha zaka 30 chimene amapereka m'makomboni ovomerezeka. Pali kalata ya anyakwawa, ya malo a mwambo. Ndiye pali kapepala kong'amba m'kope la mwana wa sukulu, kosainidwa ndi "tcheyamani" amene palibe akudziwa anamusankha ndani. Kapepala kameneka kamabereka: poloti imodzi, eni atatu, aliyense ndi kake, onse atafika tsiku limodzi ndi njerwa. Kuti nkhani ya malo kuno si yamasewera, kumbukirani kuti mu 2022 nduna ya maboma aang'ono, a Gary Nkombo, inaimitsa khonsolo ya Kafue kwa kanthawi pa nkhani ya kagawidwe ka malo. Pa siteshoni mpaka lero amaikamba ngati inachitika dzulo.

Msonkho nawo wawonjezera mkangano. Kuyambira mu 2025 wosinthira umwini wa nyumba unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 peresenti. Lamulo limati alipire wogulitsa, koma wogulitsa wa ku Kafue amakuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Zimenezo n'za inu ophunzira, ine ndikufuna yanga yathunthu."

Atsopano akangosamukira, dandaulo lawo loyamba ndi madzi, ndipo akale amaseka mpaka misozi. Pa Iolanda, m'mphepete mwa mtsinje muno, ndi pamene amapopa madzi opita ku Lusaka. Mayi wina ali pa mzere wa zigubu anati, "Munathawa ku Lusaka kutsata madzi, mwasemphana nawo pa msewu." Magetsi chimodzimodzi. Malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, ali pa mtsinje wathu womwe uno, koma chilala cha 2024 chitafika tinakhala mumdima mofanana ndi wina aliyense, tikumayatsa mbaula n'kumauza ana kuti malaiti amapangidwa kuseri kwa phiri lija. Ogulitsa nsomba nawo ali ndi zawo. Chitayikireni asidi wa mgodi wa ku Chambishi mu mtsinje mu Febuluwale 2025, kutali kumtunda ku Copperbelt, makasitomala anayamba kufunsa kumene nsomba yachokera, ndipo kwa miyezi ingapo nsomba iliyonse pa msika inali "ya ku Siavonga", ngakhale imene inali ikuphiriphithabe.

Ulendo wa kuntchito ndiwo umaweruza amene akhalitse. Ejenti amati Lusaka ndi mphindi 40. Amanena za Lamulungu masana. Lolemba mmawa mumapikisana ndi malole ochokera ku Chirundu ndi ku Livingstone, amene amakumana pa Turnpike n'kudutsa pakati pa tauni yathu, mulipire pa geti la Shimabala popita ndi pobwera, kenako muime pa mzere wa magalimoto kuyambira ku Makeni. Mnyamata wina wa ku banki akuti ana ake amamuona Loweruka lokha, ndipo wamng'ono anafunsa mayi ake kuti amalume aja abweranso liti. Komabe sakubwerera ku Lusaka. Akuti kuno ali ndi mtengo wa mango wakewake, ndipo palibe landilodi wogogoda pa 1 mwezi uliwonse.

Inu amene mukukonza zobwera Loweruka likudzali, bwerani, malo alipo ndipo anthu ake ndi ochezeka. Koma poloti mukaione mvula ili pakati, mutavala majombo. Nambala yake mukaifufuze ku Unduna wa Malo ndi ku khonsolo musanatulutse ngwee, ndipo mufunse anthu oyandikana nawo ngati mwini wake adakali moyo. Ya kuona musapereke kwa wometa tsitsi.