Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Za Pusi ndi Mzati Wachitsulo

Makolo athu, amene analibe mabuku koma anali ndi maso, atakhala zaka zambiri akulondera minda yawo ndi kupenyetsetsa makhalidwe a mbala zaubweya zimene zinkawathyolera chimanga, anatisiyira mawu akuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Pusiyo sanagwe ndi njala, pakuti chipatso anali nacho kale m'dzanja, ndipo kukwera ankakudziwa, pakuti mwa zolengedwa zonse za Namalenga mulibe mmisiri wa mitengo woposa iye, koma ataona china chofiirira pa nthambi ya uko, mtima wake unauluka, nataya nthambi imene inamunyamula asanagwire imene inamukopa, ndipo dziko lapansi, limene silikana mlendo wochokera kumwamba, linamulandira ndi msana.

Masiku ano nkhalango ya Dzalanyama ikutha ndi makala, ndipo apusi akusowa pogona. Koma mzimu wa pusi uja sunafe ayi, unangosamuka, nulowa m'kabokosi kowala kamene mwana aliyense wa ku Mpingu, ku Nsaru ndi ku Kabudula akuyenda nako m'thumba. M'menemo nthambi sizitha. Dzana tinaona anyamata akuthamanga mbandakucha mumsewu wa ku Mchinji popanda chilombo chowapirikitsa. Dzulo omwewo anathira simenti m'zitini ziwiri za penti, napisamo chitsulo pakati, nachinyamula masiku owerengeka kufikira chinasanduka chotsekera khola la nkhumba. Amayi ena anamwa madzi otentha a mandimu m'mawa uliwonse kuti mimba iphwe, koma mandimu ndiwo anatha, mimba inatsala. Lero pa TikTok ndi pa Facebook papsa chipatso china, ndicho gule wovinira pa mzati wachitsulo, amene eni ake amamutcha pole dance, ndipo popeza palibe chinthu chopsa pa foni chimene sichifika pa msika wa Namitete, nkoyenera kuti tikhale pansi, timuone mlendoyu nkhope asanatipeze tili chigonere.

Mzatiwo ndi chitsulo chosalala, chonenepa pafupifupi mamilimita 45, choimikidwa kuchokera pansi kufika kudenga. Wina umakhala chiimire, wina umazungulira wokha. Wovina amaukwera ndi manja, naukola ndi miyendo, nazondoka mutu pansi, natambasula thupi lake m'mbali ngati mbendera ya pa sukulu tsiku la mphepo, zonsezi akumwetulira kuti oonerera asadziwe kuti m'kati mwake akulira. Mbiri yake ili ndi mitsinje ingapo. Ku India kuli masewera akalekale otchedwa mallakhamb, amene ochita zogwetsana ankalimbitsa nawo matupi pa mzati wamtengo wopakidwa mafuta a nsatsi, ndipo anaonetsedwa ku Berlin pa nthawi ya Olimpiki ya 1936. Ku China akatswiri a zodabwitsa akhala akudumpha kuchoka pa mzati wina kufika pa unzake kwa mibadwo yambiri. Mtsinje wachitatu, umene sitiubisa pakuti chobisa chimaola, unayenda m'nyumba za mowa za usiku ku America ndi ku Canada, kumene akazi ankavina pa zitsulo pamaso pa amuna amene akazi awo ankayesa kuti ali ku msonkhano. M'zaka za m'ma 1990 mayi wina wa ku Canada, Fawnia Mondey, anayamba kuphunzitsa luso limeneli kwa akazi wamba. M'chaka cha 2009 kunabadwa bungwe la International Pole Sports Federation. Mpikisano wake woyamba wa dziko lonse unachitika ku London mu 2012. Ndipo mu 2017 bungwe la GAISF, limene linkasonkhanitsa mabungwe a masewera a dziko lonse, linalola a bungwe la mzatilo kukhala nawo pa bwalo ngati oonerera. Chotero chimene chinayenda mumdima chinatulukira poyera, chili ndi oweruza, malamulo ndi mendulo.

Tsono ife Achewa tisachite changu kugwira pakamwa ndi kunena kuti zoterezi sitinazionepo chibadwire. Aliyense amene anapitako ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba umene umachitika mwezi wa Ogasiti pamaso pa Kalonga Gawa Undi, anaona Gologolo akukwera mtengo wautali wozikidwa pabwalo, navina pansonga pake, amayi akuimba ndi kuwomba m'manja pansi. Ndipo ndani wa ku Nambuma kapena kwa Kalolo amene sanakwezepo khosi poyang'ana Makanja akuyenda mutu uli kufupi ndi mitambo? Gule wamkuluyo bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Sindikuyerekeza zilombo za kudambwe ndi ana a anthu, pakuti ndili ndi mbuzi zochepa ndipo sindifuna kuti zithere ku chindapusa; ndingonena kuti maso athu anazolowera kale kuona gule ali m'mwamba. Ndiponso chiyambire 1920, pamene A.F. Barron anatsegula munda wa fodya ku Mbabzi, fodya nafalikira m'chigawo chonse chino, amuna a kuno akhala akukwera m'zigafa, phazi lina pa mtanda uwu, lina pa mtanda uwo, akulandira mikangala yolemera kuchokera pansi, popanda wowaombera m'manja kapena wowaveka mendulo. Nawo amayi athu, amene amapopa mjigo m'mawa, nasinja pamtondo masana, nasenza mtolo wa nkhuni madzulo mwana ali kumsana, ali ndi mikono imene dona wa ku London amailipirira ndalama mwezi ndi mwezi kuti aipeze. Dziko lazondoka ndithu: kuno munthu amakhetsa thukuta kuti apeze ndalama, uko amataya ndalama kuti apeze thukuta.

Koma tiyeni timutsate pusi wa makono, tione m'mene adzaphunzirire. Adzaona kanema wa mphindi imodzi, mtima nudumpha. Adzaonanso kachiwiri, bandulo nkutha pamene wovina uja wangozondoka, asanaonetse njira yotsikira. Ndipo pokhala nalo theka la nzeru, limene ndi loopsa kuposa umbuli wathunthu, adzatuluka kukafuna mzati. Adzayamba ndi nsanamira ya bulugamu ya chigafa cha atsibweni ake, osadziwa kuti chiswe chinayamba kale kuvina m'kati mwake, ndipo chigafa chonse chidzagwada pamodzi ndi fodya wa chaka chathunthu. Akathawa kumeneko adzapita pa chitsulo cha mpira wa ntchemberembaye pa bwalo la sukulu, chimene chinaikidwa kuti chilandire mpira, osati mwana wa munthu wodya nsima ya mgaiwa kawiri pa tsiku. Potsiriza adzakweza maso ake ku mtengo wa magetsi, ndipo apa kuseka kulekeke, pakuti gule wa pamenepo amavinidwa kamodzi kokha, nyimbo zake nkukaimbidwa kumasiye.

Chimene kanema sanamuuze nchakuti mzatiwu uli ndi miyambo yake, yowawa kuposa ya kutsimba. Chogwira chitsulo ndi khungu; nsalu imaterera, ndipo ndicho chifukwa chake ovina amavala zazifupi, kuti ntchafu, kuseri kwa bondo ndi m'mbali mwa mimba zikhale zala zina zogwirira. Wokwera atavala chitenje adzafika pansi msanga kuposa m'mene anakwerera, ndipo mwina chitenjecho chidzafika nthawi yakeyake. Mafuta odzola, amene mwana wa Mchewa sangatuluke m'nyumba popanda iwo kuopa kutuwa, pano ndiwo mdani wamkulu. Tsiku lokwera munthu asankhe chimodzi, kuwala kapena kukhala ndi moyo. Akuluakulu amene akukumbukira lamulo la kavalidwe la 1973, limene kwa zaka pafupifupi makumi awiri linaletsa akazi a dziko lino kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'maondo, angavomereze kuti masiku amenewo gule uyu akadathera kupolisi asanafike pa mzati. Ndiponso sabata zoyamba wophunzira sazondoka konse: amayenda mozungulira chitsulo, naphunzira kugwira, nalimbitsa mapewa ndi minofu ya pamimba, m'manja mukutuluka matuza, m'miyendo mikwingwirima, kotero kuti mkazi wokwatiwa ayenera kudziwitsiratu ankhoswe, kuti mkamwini wosalakwa angaitanidwe kubwalo. Kuzondoka kumabwera patapita miyezi, pansi patayalidwa matiresi, mphunzitsi ataimirira pafupi manja ali chire, wokonzeka kuwakha mutu usanalonjerane ndi simenti.

Pa za mphunzitsi ndiye pamene pagona mantha anga, pakuti m'dziko muno munthu akaona chinthu katatu amakhala katswiri, akachiona kanayi amatsegula sukulu. Sipadzatenga nthawi tisanaone chikwangwani pa sitolo ina yakale, cholembedwa ndi penti yotsala, cholonjeza chiuno cha mavu m'masabata awiri. Ndipo mwini wake adzakhala yemwe uja amene chaka chatha ankagulitsa mankhwala ochepetsa mimba, chaka chinacho ankasonkhanitsa ndalama za anthu kuti zibereke pa foni. Wakhungu akatsogolera wakhungu mnzake tidziwa kumene onse awiri amakathera, koma apa dzenjelo lili pansi pa mamita atatu. Makolo sankapereka unamkungwi kwa munthu chifukwa cha pakamwa pake; ankasankha ntchembere imene inadutsamo yokha, yodziwa choyamba ndi chotsiriza, yodziwanso pomuletsa namwali. Mphunzitsi woona wa mzati ndi wotero: amaphunzitsa kutsika asanaphunzitse kukwera, amakaniza wothamanga magazi, ndipo chitsulo chake amachimangitsa kwa mmisiri wodziwa, wonga aja ophunzira ntchito zamanja ku Namitete Technical College, osati kwa mlamu wake wowotcherera njinga za kabaza pansi pa mtengo wa mango.

Pamenepa ndipo ndazizwa ndi chinthu chimodzi, chimene chandichititsa kuulemekeza mzatiwu ngakhale mafupa anga sadzaukhudza. Mwa zipatso zonse zimene foni yatipatsa, ichi chokha ndicho chimene pusi sangachidye, chifukwa mzati ulibe nthambi. Pamenepo palibe cha uko chokopa maso, palibe podumphira. Pali chitsulo chimodzi, chozizira, chosamva chinyengo kapena chiphuphu, chimene chimafunsa munthu funso limodzi tsiku ndi tsiku, lakuti kodi wagwira? Lamulo lake loyamba ndi lomwe lija pusi analiphwanya, lakuti dzanja lisataye pamene mwendo sunakole. Mayi wina wa ku America, Greta Pontarelli, anayamba masewerawa ali ndi zaka 59, msinkhu umene ambiri a ife timayamba kuitana adzukulu kuti atitolere ndodo, ndipo pokhala pa chinthu chimodzi chaka ndi chaka anapambana mipikisano ya dziko lonse ya anthu achikulire. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo wodekhayo, kaya ali pa mzati, kaya ali pa dimba la tomato m'mphepete mwa mtsinje wa Namitete, ndiye amene amadya.

Akulu a mpingo adzati gule ameneyu anachokera kumalo oipa, ndipo sadzanama. Koma nayo gitala inachokera kumowa, lero ikutsogolera kwaya. Davide anavina ndi mphamvu zake zonse pamaso pa likasa, Mikala mwana wa Sauli namupeputsa ali pazenera, ndipo Malembo sanaime kumbali ya wa pazenerayo. Zakeyu, munthu wachuma ndi waulemu wake, anakwera mumkuyu anthu akuona, natsikamo ndi chipulumutso. Abisalomu analendewera mumtengo osafuna, nathera pomwepo. Chosiyanitsa ndi chimene munthu wakwerera, ndi amene akumuonerera. Makolo anadziwa ichi pamene anaika magule ena pabwalo ndi ena m'tsimba, kumene mwamuna saponda. Ndipo amayi akafuna kulimbitsa matupi awo kuseri kwa chitseko chotseka, kuti matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene ayamba kulowa ndi m'midzi momwe, asawapeze atakhala, sindiona mlandu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chotero nkhaniyi ikadzafika pabwalo, monga idzafikadi, ndikupempha mafumu, eni mzinda ndi nduna zawo, ine kapolo wawo, kuti adzagamule motere. Wofuna kukwera ayambe waonetsa chinthu chimodzi chimene anachiyamba nachimaliza, ngakhale mzere umodzi wa mtedza. Wofuna kuphunzitsa ayambe wazondoka yekha pamaso pa anamkungwi, natsika ndi mano ake onse. Chigafa cha mwini, chitsulo cha sukulu ndi mtengo wa magetsi zisiyidwe pa ntchito zimene zinaikidwira. Ndipo mwamuna aliyense wokhala pa bawo kuyambira m'mawa, amene adzafuna kuseka akazi a anzake kapena wake yemwe, asaletsedwe, pakuti kuseka ndi ufulu wa munthu aliyense. Koma ayambe wakwera mzatiwo iye mwini, pamodzi ndi mimba yake ya chibuku, ndipo akafika pamwamba aseke ali komweko.