Mkamwini Wagwira Kamera

Ife a ku Phalombe mafilimu timawadziwa, musatiyese achimidzi chifukwa cha fumbi la m'miyendoli. Pa Migowi, pa Chiringa, paliponse pamene pali jenereta kapena sola, pali kachisakasa ka vidiyo sho. Mwana wa sitandade 3 angakuuzeni kuti Mtchaina uyu afa nthawi yanji, poti mnyamata womasulira m'Chichewa uja amaulula zonse filimu isanafike pakati. Filimu kwathu ndi zibakera, mfuti, ndi mfiti ya ku Nigeria yosanduka mbuzi. Zikasowa zitatuzi anthu amaitanitsa ndalama zawo pakhomo.

Ndiye kutabwera maphunziro a achinyamata a kajambulidwe ka kanema pa boma, ine ndinalembetsa. Za unyamata musandifunse, imvi ndinazibisa m'chipewa. Chinandikoka ndi mphekesera yoti kukhala alawansi.

Aphunzitsi anali mnyamata wa ku Zomba, ndevu zosapesa, kachikwama kumsana. Ine ndinkati atiphunzitsa zonga za a Shemu Joyah, aja a Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, kapena za mayi Joyce Mhango Chavula amene filimu yawo ya Lilongwe inakatenga mphoto ku Nigeria mu 2016. Ayi ndithu. Akuti zimenezo n'zabwino, koma ife tiphunzira mafilimu a experimental: opanda nkhani, opanda chigawenga, opanda ngakhale mwini filimu.

Anayamba ndi mzungu wa ku America, Andy Warhol, amene mu 1964 analozetsa kamera pa chinyumba cha Empire State ku New York n'kuisiya choncho. Filimu yake ndi ya maola 8 ndi mphindi 5. Nyumba siyenda, siyankhula. Magetsi amayaka, pakapita nthawi n'kuzima, basi. Mkulu yemweyo anajambulanso mnzake ali mtulo, filimu ya maola opitirira 5.

Ndinakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye anthu ankalipira pakhomo?"

Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti waluso saganiza za ndalama. Pamenepo ndinadziwa kuti alawansi kulibe.

Koma ntchito yokachitira kunyumba ndinaiona yophweka. Nyumba zosanja kwathu n'zosowa, koma phiri la Michesi tili nalo, ndipo ndi laulere. Ndinabwereka foni ya mlamu wanga, kuitsamiritsa pa mtondo, ine n'kukhala pambali, maso kuphiri. Chimene aphunzitsi a ku Zomba sanatiuze n'chakuti kuno munthu sayang'ana phiri nthawi yaitali popanda chifukwa. Akuluakulu sanaiwale napolo wa mu Malichi 1991, ndipo za Freddy wa 2023 ngakhale ana akuzikumbuka. Posakhalitsa anthu anandizungulira. "Achimwene, mwaonako chiyani? Tiyambe kumanga katundu?" Gogo wina anapita kukamasula mbuzi zake. Imodzi inadutsa kutsogolo kwa foni, inanunkhiza, batire n'kuthera pomwepo. Aphunzitsi ataona anati phiri lili bwino, koma mbuziyo yabweretsa nkhani yambiri.

Kenako tinamva za Stan Brakhage, amene mu 1963 anapanga filimu ya Mothlight osagwira kamera n'komwe. Anatola mapiko a tizilombo touluka usiku, timasamba ndi udzu, n'kuzimata pakati pa matepi awiri. Apa ndinati Amereka alowa m'munda mwathu. Mayi a kunyumba atapeta ngumbi, ine ndinawola mapiko onse n'kuwamata pa selotepi. Makina oonetsera tinalibe, choncho ndinaipachika pa zenera. Oonera oyamba anali nyerere, ndipo anaikonda mpaka kuimaliza.

Chimene chinandipalamulitsa ndi phunziro la Lev Kuleshov wa ku Russia, la cha m'ma 1920. Ameneyu anatenga nkhope imodzi ya katswiri wa zisudzo, Ivan Mozzhukhin, yosaseka, yosakwiya, yongoti duu. Anaiika pafupi ndi mbale ya supu, anthu akuti taonani njala. Nkhope yomweyo pafupi ndi bokosi la maliro, akuti taonani chisoni. Pafupi ndi mkazi atagona pa mpando, akuti taonani chilakolako. Nkhope sinasinthe, woonera ndiye amalumikiza yekha m'mutu mwake. Kunena zoona, mwa zonse zimene tinaphunzira, ichi chokha ndicho chinandilowa, chifukwa miseche ya pa mjigo imayenda chimodzimodzi.

Tsono panafunika nkhope yosagwedezeka. M'mudzi monse, nkhope yotere ndi ya apongozi anga aakazi akamandiyang'ana ine. Vuto n'lakuti ndine mkamwini pakati pa Alomwe, ndipo mkamwini sapenyetsetsa apongozi, tikakumana pa njira wina amapatukira kutchire. Ndinatuma mwana wanga wamng'ono kuti akawajambule agogo ake ali pa mkeka, malipiro ake mandasi.

Usiku ndinalumikiza pa foni. Nkhope ya apongozi, kenako mbale ya nkhuku yootcha. Nkhope yomweyo, kenako thumba langa la nandolo likupita kwa venda pa njinga. Nkhope yomweyo, kenako botolo la kachasu. Apongoziwo ndi mayi a mvano, mowa saukhudza. Koma abale, Kuleshov sananame. Pa botolo paja maso awo ankaoneka ngati akuwala.

Aphunzitsi anaomba m'manja. Mlamu wanga, mwini foni, anaitumiza kwa mnzake wa vidiyo sho, ndipo mnyamata womasulira uja anaikapo mawu ake. Zimene anawayankhulitsa apongozi anga pa nkhuku paja sindingazilembe m'nyuzipepala. Pofika Lamlungu ngakhale a kabaza ankawapatsa moni wa manja awiri akuseka.

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Ndinakhala pansi, chipewa m'manja, imvi zonse poyera, n'kufotokoza za Kuleshov mwatsatanetsatane. Malume a mayi a kunyumba anamvetsera mpaka kumapeto.

"A Kuleshov amenewa ndi a m'mudzi mwa yani? Bwanji sanabwere?"

Ndinati anamwalira kalekale.

"Ndiye mukunamizira malemu?"

Apongozi, akuyang'ana kumbali, anati iwo nkhuku imeneyo sanaione n'komwe, tsiku limenelo ankasenda chinangwa. Ine, m'malo mokhala chete, ndinati, "Eya amayi, luso lake ndi lomwelo!" Malume anatsokomola. Chigamulo chinali tambala wamoyo, osati wa pa foni, ndiponso kuti ndisadzagwirenso kamera pa bwalo lawo.

Satifiketi ndinalandira, ili m'chikwama limodzi ndi makadi a sikelo a ana. Tambala anaphedwa Loweruka. Ine sindinaitanidwe, koma kazitape wanga wa mandasi uja anali pomwepo. Ndinamufunsa kuti agogo ankaoneka bwanji mbale itafika.

"Ngati mufilimu muja, ababa. Ndendende."