Tizidole ta Pamtengo wa Khirisimasi ndi Ulemu Wake

Tizidole ta m'mafilimu topachika pamtengo wa Khirisimasi ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe munthu wamkulu, wa ndevu zake kapena wa ana ake, amapanga yekha pamanja n'kutimangirira kunthambi ndi kaulusi. Timaonetsa anthu, nyama ndi zombo za m'mafilimu, m'mabuku a zithunzi ndi m'masewera a pakompyuta. Kwawo kwa mwambowu ndi m'matauni a ku America ndi ku Britain, ngakhale kuti intaneti yaufikitsa kutali. Umayamba kumapeto kwa Novembala, ndipo mwini nyumba amauchita kuti aliyense wolowa pabalaza amufunse mafunso.

Mtengo weniweniwo unachokera ku Germany, kumene m'zaka za m'ma 1500 anthu ankaukongoletsa ndi maapulo, mtedza ndi timakeke, zinthu zoti nyengo ikatha n'kudya. M'tauni ya Lauscha amisiri anadzayamba kupanga timipira tagalasi cha m'ma 1840. Mu 1848 nyuzipepala ya Illustrated London News inasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert ndi ana awo atazungulira mtengo, ndipo Angelezi, poona kuti kwa amfumu mtengo walowa m'nyumba, nawonso anayamba kusaka yawo. Kwa zaka zoposa zana pamtengopo pankakhala angelo, nyenyezi, mabelu ndi mbalame. Mlendo sankafunika kuphunzira kanthu kuti anene kuti zakongola.

Mtendere umenewu unayamba kutha kampani ya Hallmark ya ku Kansas City itayamba kugulitsa zokongoletsa zake mu 1973. Mu 1991, sewero la pa TV la Star Trek litakwanitsa zaka 25, kampaniyi inatulutsa kachombo ka Enterprise koyaka timagetsi, ndipo anthu anachita kulimbirana. Amalonda anazindikira kuti mwana uja ankagubuduzika m'sitolo kulilira chidole tsopano ali pantchito, amalandira pakutha pa mwezi, ndipo amayi ake sangamuletsenso. Koma kadole kogula kali ndi chilema chimodzi: aliyense wa ndalama angakhale nako. Wokonda filimu weniweni, amene amadziwa dzina la wosewera wachitatu wakumanzere, sangalole kufanana ndi munthu wongoonera kamodzi. Ndiye amagula sizasi, guluu ndi penti n'kukhala pansi.

Kapangidwe kake kali ndi masitepe malinga ndi luso. Woyamba kumene amatenga kampira koyera ka tenisi ya patebulo, n'kupenta theka lakumwamba ndi penti yofiira, n'kuzunguliza mzere wakuda pakati, basi watulutsa kampira kogwirira tinyama ta Pokémon, masewera a ku Japan omwe anayamba mu 1996. Wokonda mabuku a Harry Potter amagula chokoleti cha Ferrero Rocher, chomwe chimabwera kale chozungulira ndi chokutidwa m'pepala lagolide, n'kuchimata mapiko awiri apepala kuti chifanane ndi kampira kouluka kamene achinyamata a m'nkhaniyo amathamangitsa atakwera matsache. Ntchitoyi ndi ya mphindi zisanu, koma imalowa mapaketi awiri chifukwa loyamba limathera m'kamwa mwa mmisiri. Ku Britain amakonda kabokosi kabuluu kofanana ndi kanyumba ka foni ka apolisi akale, komwe ndi chombo cha mu Doctor Who, sewero lomwe BBC inayamba kuonetsa mu 1963. Ena amasanja mikanda yapulasitiki pakathabwa ka timisomali n'kuisita ndi simbi mpaka igwirane, kuti patuluke Super Mario kapena Pac-Man a m'masewera a pakompyuta. Ena amakanda fulawa ndi mchere wambiri, kuumba, kuumitsa mu uvuni n'kupenta. Akatswiri amaluka ndi ulusi, ndipo amenewa salankhulitsidwa akamawerenga mfundo zawo.

Chida chachikulu pantchitoyi ndi kamfuti kotulutsa guluu wotentha, ndipo mmisiri amadziwika ndi matuza kunsonga za zala. Chachiwiri ndi fumbi lonyezimira lija amawaza pamwamba. Fumbi limeneli likalowa m'nyumba silitulukanso: limapezeka mumphika, pamphaka, ndi pachipumi cha bambo ali pamsonkhano wa kuntchito mwezi wa Malichi.

Chifukwa chimene amisiriwa amapereka ndi chakuti kupanga wekha n'kotchipa. Zokongoletsa zambiri za Khirisimasi padziko lapansi zimadutsa mumzinda wa Yiwu ku China, ndipo zimafika m'sitolo pamtengo woti munthu sadandaula. Wopanga yekha amagula mitundu isanu ndi umodzi ya penti kuti agwiritse ntchito kadontho kamodzi pa uliwonse, amagula ulusi wokwanira juzi kuti aluke khutu, n'kutaya masabata awiri osagona. Akamaliza amauza mkazi wake kuti apulumutsa ndalama, ndipo mkaziyo, ngati ali wolera banja, amangoti zikomo.

Pali nthawi imodzi imene amisiri apamanja anaposa makampani. Mu Novembala 2019 Disney inayamba kuonetsa sewero la The Mandalorian, momwe munali kamwana kobiriwira ka makutu otambalala kamene anthu anakatcha Baby Yoda. Kampaniyo inali itabisa kamwanaka kuti anthu adzadzidzimuke, choncho Khirisimasi inafika zidole zake zenizeni zisanapangidwe. Oluka ndi osoka anadzaza msika wa pa intaneti wa Etsy ndi timakutu tobiriwira, mpaka kumayambiriro kwa 2020 a Disney anayamba kuchotsetsa malondawo. Ogulitsa ambiri anangofufuta dzina n'kulemba kuti ndi kamwana kobiriwira kochokera kudziko lina, ndipo ogula sanasochere.

Kupachika kuli ndi malamulo ake osalembedwa, ndipo apa ndi pamene pamaonekera ulamuliro wa m'nyumba. Mtengo umaimikidwa pakona, motero uli ndi kumaso ndi kumbuyo. Kumaso, molingana ndi maso a mlendo ataimirira, kumakhala ntchito za amene ali ndi mawu m'banjamo. Nthambi zam'munsi ndi za ana, poti zikagwa palibe wolira. Kumbali yoyang'ana kukhoma kumapita tizidole tomwe sitingatayidwe koma sitingaonetsedwenso: Batman wotuluka ngati khoswe, ndi mphatso yochokera kwa mlamu. Mlamuyo akati akubwera, mtengo umatembenuzidwa mwakachetechete, ndipo akangotsanzika umabwerera mmene unalili. Mabanja ena amakangana chaka chilichonse ngati kadole ka Bruce Willis akukwawa m'kapaipi ka mpweya n'koyenera kukhalapo, popeza sanagwirizanebe ngati Die Hard, filimu yake ya 1988 yodzaza ndi mfuti, ili ya Khirisimasi chifukwa choti nkhani yake inachitika usiku wa pa 24 Disembala.

Pansonga ndi pa mkangano waukulu. Mwa mwambo pamakhala mngelo kapena nyenyezi yokumbutsa ija inatsogolera anzeru a kum'mawa ku Betelehemu. Wokonda Star Wars, filimu yomwe inayamba mu 1977, amafuna kuikapo Death Star, chimpira chotuwa chimene ntchito yake m'filimumo ndi kuphwasula maiko athunthu, ndipo amanenetsa kuti nayonso ndi nyenyezi. Nyumba zambiri zimathetsa nkhaniyi posiya mngelo pamalo pake koma n'kumugwiritsa lupanga lowala.

Udindo wa mlendo ndi wolemera. Akalowa amatengedwa kupita pamtengo asanapatsidwe ndi madzi omwe, ndipo amayenera kuzindikira kadole kamodzi kapena tiwiri. Kulakwa kwakukulu ndi kutchula dzina lolakwika, makamaka kusokoneza Star Wars ndi Star Trek, pakuti chilango chake ndi phunziro la theka la ola chakudya chikuzizira patebulo. Kufunsa kuti "Kameneka n'kachiyani?" n'koopsanso, chifukwa kumatanthauza kuti kadoleko sikanafanane ndi mwini wake. Mlendo wozolowera amaweramira kadole kalikonse, n'kupukusa mutu pang'ono, n'kunena kuti, "Mwapanga nokha? Ayi, musandinamize!" Mawu amenewa sasowa kudziwa filimu iliyonse ndipo sanakhumudwitsepo munthu. Koma asawonjeze, chifukwa woyamikira mopitirira amapatsidwa kadoleko kuti apite nako, ndipo chaka chamawa mwini wake adzabwera kudzaona pamene kapachikidwa.

Kum'mwera kwa Africa kuno mwambowu unapeza amisiri ali kale pantchito. M'mphepete mwa misewu ya Johannesburg ndi Cape Town, anyamata opinda waya ndi kutunga mikanda, ambiri a iwo ochokera ku Zimbabwe, amagulitsa nyenyezi, angelo ndi timitengo tawaya nyengoyi ikafika, ndipo wogula akawaonetsa chithunzi pafoni amamupindira chimene akufuna. M'matauni a ku Malawi mtengo kawirikawiri umakhala wapulasitiki, kapena nthambi ya paini yozikidwa m'ndowa ya mchenga, yomwazidwa thonje kuti lioneke ngati chipale chofewa pamene kunja kukugwa mvula ya chimanga ndipo m'nyumba anthu akudzikupiza ndi nyuzipepala. Kuno chimene chimagawa banja kwambiri ndi mpira. Bambo wa Maule amapenta zitsekerero za mabotolo mofiira, mwana wake wa Manoma amapenta zake mwa buluu, ndipo mayi amaika malire pakati pa nthambi. Bambo yemweyo, amene ali mwana ankapinda magalimoto awaya okhala ndi chiwongolero, lero amaonera vidiyo ya mzungu pa YouTube kuti aphunzire kupinda mphete yopachikira.

Woyesa wamkulu wa mtengo wotere ndi agogo ochokera kumudzi, amene amabwera kudzadya mpunga ndi nkhuku. Iwo amauyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Baby Yoda amamutcha chule, ndipo zimenezo adzukulu amazilola. Vuto limabuka pa Darth Vader wa mu Star Wars, kamunthu kakuda kovala chigoba kumaso, kolendewera pakaulusi m'nyumba mogona anthu. Agogo amaitanira mwana wawo pambali n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, kameneka anakupatsani ndani? Nanga abusa akudziwa?" Kufotokoza kuti n'za m'filimu sikuthandiza kwenikweni, makamaka wofotokozayo akafika poti munthuyo anadula dzanja la mwana wake yemwe. Kawirikawiri kadoleko kamagona m'kabati mpaka agogo atakwera basi.

Adani a tizidoleti ndi mphaka, mwana wokwawa ndi nyengo. Tachokoleti sitifika pa 25 Disembala: kumaiko ozizira timabedwa ndi ana, amene amabwezera pepala lagolide lili lozungulira bwinobwino koma mulibe kanthu, pamene kuno nyerere zimafika ana asanaganize n'komwe. Tafulawa timayamwa chinyezi cha dzinja n'kufewa, ndipo Spider-Man amayamba kuchita chuku. Ku Britain mwambo umati zokongoletsa zitsike pofika pa 5 kapena pa 6 Januwale, pamene ku Area 25 kapena ku Chilomoni mtengo ungathe kuima mpaka wina atafuna ndowa ija. Tizidole totsala timakulungidwa m'nyuzipepala n'kuikidwa m'katoni pamwamba pa wadirobu. Tothyoka timaikidwa m'jumbo yapadera yoti tidzakonzedwe chaka chamawa, ndipo jumboyo imaikidwa pamwamba pa jumbo ya chaka chatha.