Nthungululu kwa Kachikwama Kapamsana

Anthu amatamanda nsapato, amatamanda jekete ndi magalasi, koma iwe kachikwama amakutchula pokhapokha lamba wako akawatupitsa phewa. Kusayamikatu kumeneku. Ndi katundu uti wina amene anaimirapo mwana wa mfumu?

Ku Norway, m'mwezi wa Malichi, anthu miyandamiyanda amatsetsereka pa ski makilomita 54 kuchokera ku Rena kukafika ku Lillehammer, pampikisano wa Birkebeinerrennet womwe unayamba mu 1932. Aliyense amalamulidwa kubereka chikwama chosachepera makilogalamu 3.5. Gwero lake ndi chaka cha 1206, dziko lili pankhondo yolimbirana ufumu, pamene ankhondo awiri, Torstein Skjevla ndi Skjervald Skrukka, anathawitsa kamwana kachifumu, Håkon Håkonsson, kudutsa nako m'mapiri okutidwa ndi chipale chofewa. Kamwanako kanadzalowa ufumu mu 1217. Kanabadwa mu 1204, ndiye mayi aliyense wopita kusikelo angakuuzeni kuti msinkhu umenewo mwana salemera makilogalamu 3.5 okha, koma za kubanja lachifumu tisazifunsitse.

Nzeru zako zimaonekera pokugula. Ukachepa, jekete yotchinga mphepo, chipewa ndi magolovesi apadera zimakana kulowa. Ukakula, umavina pamsana ponseponse, munthu akamakwera chitunda iwe uli phaphapha ngati mwana womangidwa mbereko yolefuka. Wogula amayesa ichi, kuyesa icho, kumanga lamba wapachifuwa, kukoka wam'chiuno, kudumphadumpha m'sitolo anthu akumuyang'ana. Masewera olimbitsa thupi wayamba kale asanalipire n'komwe. Mphunzitsi uti angatero mwaulere?

Kunja kukazizira mpaka madzi kuuma, mpamene ukulu wako umadziwika. Munthu akuthamanga, iwe wamukakamira pamsana, thukuta lasowa potulukira, malaya anyowa chabe pamene pali iwepo. Akangoima kuti apume, chinyonthocho chimazizira n'kumulasa mpaka m'mafupa, basi ulendo uyambirenso. Ulesi sugwirizana nawo. Kapaipi kako komwera madzi nako kali ndi mwambo: madzi otsalira m'menemo ndiwo amayamba kuuma, ndipo woiwala kuwauzira kuti abwerere m'thumba amayenda ndi ludzu atasenza madzi. Foni akakusungitsa m'kathumba kakunja, batire imafooka ndi chisanu, mwiniwake n'kupumako ku Facebook. Ena amati n'kuipa mtima. Ine ndimati n'kulera.

Nanga zipi yako! Kachitsulo kokokera n'kakang'ono mwadala, chala cha m'golovesi sichingakagwire. Afune asafune avule, dzanja lilawe mphepo ya m'phiri, afufuze pansi penipeni pomwe wabisa nthochi, aipeze yada bii ndiponso yaphwanyika pansi pa botolo.

Pampikisano paja kulemera kwako kuyenera kukwanira mpaka pomaliza. Wanjala amene wadya kamba yense ndi kumwa madzi onse a m'chikwama wachepetsa kalonga, ndipo sikelo ikhoza kumuyalutsa atafika kale ku Lillehammer, miyendo ikunjenjemera. Choncho wochenjera amalongedza zakudya pamwamba pa makilogalamu a lamulo aja, n'kunyamuka ku Rena atasenza woposa amene anamulamula.